Nangozo Aveka Nyumba Yake

Pa Lizulu msewu wa tala ndiwo malire. Mukaima mbali ino muli m'Malawi. Mukaoloka kukagula anyezi mbali inayo mwatuluka m'dziko popanda chiphaso, ndipo boma, limene limadziwa zonse, lidasankha kusachidziwa chimenechi. Mukadutsa pamene malole amapakira kachewere n'kukwera kamtunda pang'ono, mupeza nyumba ya njerwa zootcha yofolera ndi malata, pakhomo pali mitengo iwiri ya mapichesi. Mwini wake ndi Mayi Lufina, amene kuno amadziwika ndi mfunda wawo, a Nangozo. M'chaka cha 2004 nyumba imeneyi idaikidwa pa malonda eni ake ali momwemo, ndipo ntchito yoikongoletsa kuti igulidwe msanga idapatsidwa kwa iwo omwe.

Sikudali kulakwitsa. Kuchokera pa Lizulu mpaka pa boma la Ntcheu padalibe wina wodziwa ntchito imeneyi kuposa a Nangozo, pakuti adaiyambitsa ndi iwo.

Adabadwira ku Mlangeni. Sukulu adalekezera sitandade sikisi, osati chifukwa mutu udakana, koma chifukwa pakhomo padali anyamata awiri ndipo ng'ombe yogulitsa idali imodzi. Ali mtsikana adapeza ntchito yosesa pa nyumba ina yogona alendo pa boma. Zipinda za pamenepo zidali zofanana zonse: bedi lomwelo, bulangete lomwelo, nsikidzi za banja limodzi. Koma iwo adaona kuti mlendo ukamuonetsa zipinda ziwiri, amasankha chimene watsekula zenera n'kuikamo duwa m'kabotolo. Alendo ena ankafika pokangana ndi mwini malo kuti chipinda cha duwacho n'chachikulu, chonsecho makoma ake adayezedwa ndi chingwe chimodzi.

"Munthu sagula ndi maso," a Nangozo amatero mpaka lero. "Amagula ndi pamtima. Maso amangobwera kudzachitira umboni."

Kenaka adakwatiwa ndi a Cosmas, amene ankapikula kachewere ku Tsangano n'kumakagulitsa ku Blantyre. Ukwati udali wa chitengwa, mkazi kutsata mwamuna, ndipo malo omangapo adakagula pa Lizulu. Njerwa adaumba ndi a Nangozo, mwana woyamba ali kumsana. Madzi ankatunga kudambo la mbali ya Mozambiki, kutuluka ndi kulowa m'dziko kakhumi pa tsiku ndowa ili pamutu. A Cosmas adagula malata ndi simenti. Pa pepala la malo padalembedwa dzina la a Cosmas lokha, chifukwa fomu idali ndi mzere umodzi wa dzina, ndipo masiku amenewo palibe amene ankatsutsana ndi mzere.

Matipate atabwera, ufulu udafika limodzi ndi makalata opumitsa anthu ntchito. Anthu amene adakalambira m'maofesi a ku Lilongwe ndi ku Blantyre adayamba kutsika mabasi m'mbali mwa msewu, tindalama tawo totsazikira tili m'thumba la mkati, kufunafuna nyumba yoti akalambiremo pafupi ndi kwawo. Ena a kuno ankagulitsa zawo kuti akayese mwayi kutauni kapena ku Joni. Ogula adalipo, ogulitsa adalipo, koma nyumba zambiri zinkangokhala, chikwangwani chili pakhoma mpaka utoto kusuluka.

Imodzi mwa izo idali ya mphunzitsi wamkulu wina wopuma, imene idatha zaka ziwiri osagulidwa. Aliyense wolowamo ankapeza mulu wa makope akale pakona, fungo la mileme, ndi mwini wake akufotokoza mbiri ya njerwa iliyonse. A Nangozo adapempha masiku atatu ndi makiyi, n'kuwauza aphunzitsiwo kuti ayambe akaona abale.

Adakolopa, adapaka laimu, adakwecha pansi ndi polishi wofiira mpaka munthu n'kumadziona nkhope. Izi aliyense akadatha. Koma adachotsanso zithunzi zonse pakhoma, ngakhale chija aphunzitsi adajambulitsa atavala gauni, chimene ankachisamala kuposa ana awo. Adapachika makatani ochokera kunyumba kwawo. Pakhonde adaikapo mipando iwiri, osati umodzi, osati itatu, yoyang'ana kumene dzuwa limalowera. Adabwereka thadzi la anapiye kwa mnansi n'kuliwazira madeya pabwalo. Ndipo litatsala ola limodzi kuti ogula afike, adakazinga mtedza pa mbaula kukhitchini, zitseko zonse zam'kati zili zotsekula.

Wogula adali bambo wina amene adatha zaka makumi atatu akuyeza fodya ku Kanengo. Adalowa tepi yoyezera ili m'manja, nkhope itauma ngati ya wapolisi wa pa lodibuloko. Atafika pabalaza adaima, n'kununkhiza, tepi ija n'kuibwezera m'thumba.

"Amayi anga ankakazinga chonchi," adatero.

A Nangozo sadabise kuti denga la kuchipinda likudontha. Bambowo adati denga ndi nkhani yaing'ono. Akazi awo adali kale kukhitchini akuloza pamene adzaike kabati. Nyumba idapita tsiku lomwelo.

Kuyambira pamenepo wofuna kugulitsa nyumba ankayamba watumiza mthenga kwa a Nangozo. Iwo ankafika ndi wilibala, momwe mudali bokosi lachitsulo la makatani, tinsalu toluka ta pamipando, makapu awiri amaluwa ndi chiwaya. Adali ndi malamulo awo amene sankasintha. Chachikulu n'chakuti mwini nyumba achoke m'nyumbamo ngakhale akadali kugonamo: zithunzi zake, nsapato zake, kalendala yake ya chipani, zonse zibisike. Wogula akaona jekete la munthu wina pa msomali amadziona mlendo, ndipo mlendo sagula, amatsazika. Bodza sankalola, pamene pali mng'alu ankaloza okha. China ankachinena monong'ona, amuna akakhala pafupi: bambo amanyamula ndalama, koma nyumba imagulidwa ndi mayi. Bamboyo umupatse khonde, iwe ulimbane ndi khitchini ndi kuchipinda. Chifukwa cha ichi, asadaveke nyumba, ankayamba afunsafunsa kuti wogulayo ndani, kwawo n'kuti, nanga mkazi wake ndi munthu wotani.

Ntchito ikatchuka, boma limamva. Tsiku lina padafika njinga yamoto, padatsika a Cyprian, kalaliki wa ofesi ina ya pa boma. Dzina la ofesiyo lasintha kanayi chiyambire matipate, choncho tisavutike nalo. A Cyprian adali munthu waulemu, wa zilembo zokongola, wokhulupirira ndi mtima wonse kuti chinthu chimene chilibe malo pa fomu sichidachitike.

"Mayi, tamva kuti mukuchita bizinesi popanda laisensi."

"Mwamva bwino, bwana. Ndipatseni."

"Bizinesi yanu ndi yotani?"

"Ndimaveka nyumba."

A Cyprian adatsitsa chala pa fomu. Padali okala, chigayo, telala, ometa, ogulitsa mowa.

"Ndinu telala?"

"Ayi."

"Mumamanga?"

"Ndimapeza zomangidwa kale."

"Ndiye mumagulitsa nyumba."

"Amagulitsa ndi eni ake."

"Nanga inuyo mumatani kwenikweni?"

"Ndimakazinga mtedza, bwana."

"Mumagulitsa mtedza!" A Cyprian adavundukula cholembera, nkhope itawala.

"Ayi. Ogula amadya ulere."

A Cyprian adabwereranso pa fomu. Pomaliza adachonga kabokosi ka pansi penipeni kolembedwa kuti "Zina ndi zina", n'kudinda kawiri kuti mtima ukhale pansi.

M'mwezi wa Febuluwale 2004 lole ya kachewere idagubuduzika pa chitsetse china mvula ikugwa, a Cosmas ali pamwamba pa matumba. Adasiya mkazi ndi atsikana awiri, Ida ndi Chiso, onse ali ku sekondale. Adasiyanso mkulu wawo mmodzi, a Kizito, amene ankakhala ku Limbe. Pamaliro a Kizito adalira mokweza kuposa wina aliyense, koma amene adakhala nawo pafupi akuti maso awo ankangokwera kudenga, kumalata.

Mwambo wa kumeta utatha, a Kizito adakhala pa mpando wa malemu n'kuyala nkhani.

"Alamu, tisabisane. Malata awa adagulidwa ndi ng'ombe za abambo athu. Ana mwabereka ndi aakazi, mawa akwatiwa, apita. Inu mudabwera chitengwa, kwanu ku Mlangeni kulipo. Nyumbayi tigulitse, aliyense atenge gawo lake, tisiyane mwamtendere."

"Ng'ombe za abambo anuzo," a Nangozo adafunsa, "ndi zimene zinkaumba njerwa? Zinkatunga madzi ku Mozambiki?"

"Musayankhule ngati wopanda mwambo, alamu."

"Ndikungofuna ndizidziwe, ndikazithokoze."

Nkhani idapita ku ofesi, ndipo idagwera pa desiki ya a Cyprian, amene tsopano adali atakwezedwa n'kumaona za chuma cha masiye. Adabwera ndi chikwama kudzalemba katundu. Njira yawo idali yachilungamo ndithu: pa chinthu chilichonse ankafunsa kuti adagula ndani, ndipo ankalemba yankho limene lafika poyamba. A Kizito ndi munthu wa pakamwa pachangu. Motero nyumba, njinga, wailesi, sofa, kabati, bedi ndi sikelo ya kachewere zidapita pa mndandanda wa katundu wa malemu, masamba atatu. Pa tsamba lachinayi padalembedwa mutu wakuti "Katundu wa mayi wamasiye", ndipo pansi pake: miphika itatu, mtondo ndi munsi wake, mphasa imodzi, lichero, ndowa, zitenje zisanu ndi chimodzi, buku la nyimbo za kutchalitchi. Wilibala ndi bokosi la makatani zidasowa poikidwa, popeza zidali za bizinesi ya zina ndi zina. A Cyprian adadinda tsamba lililonse n'kupereka lachinayilo kwa a Nangozo ndi manja awiri.

Kumapeto kwa Meyi kudabwera kalata ya mfundo zitatu. Nyumba igulitsidwe m'miyezi itatu, onse okhudzidwa agawane. Mayi wamasiye aisamale, asaononge kanthu, ndipo aonetse ogula zipinda zonse. Ngati pofika pa 31 Ogasiti wogula sadapezeke, nyumba ikhale m'manja mwa okhalamo kufikira boma litaganizanso. Mfundo yachitatuyi a Kizito sadaipemphe. A Cyprian adaiika chifukwa kalata yakale imene ankakoperapo idali ndi mfundo zitatu, ndipo kalata ya mfundo ziwiri imaoneka yosatha.

Amayi a kumphakati wa kutchalitchi adabwera ndi malangizo. Wina adati musasese miyezi itatu yonse, mulowetsemo mbuzi. Wina adati muziuza ogula kuti malemu amayenda m'nyumbamo, zitseko zimatseguka zokha.

"Nyumba iyi ndidaiumba ndi manja anga, sindingaiipitse," a Nangozo adayankha. "Ndipo a Cosmas ali moyo sankaopseza anthu. Ndiwasandutse mzukwa lero chifukwa cha a Kizito?"

A Kizito nawo adabwera ndi pempho, akumwetulira.

"Alamu, paja inu ndinu katswiri. Muiveke bwino, mtengo ukwere, gawo lanu likule."

"Ndiiveka, alamu. Ndiiveka kuposa nyumba zonse zimene ndidavekapo."

A Kizito adabwerera ku Limbe akuuza anthu kuti mlamu wawo wagonja.

Juni ndi Julaye adadutsa ndi chisanu chawo. Mtengo umene a Kizito adatchula udali woti ofunsa ankaseka n'kukwera basi yomwe yawatsitsa. A Kizito atazindikira kuti masiku akutha adautsitsa, ndipo wogula weniweni adapezeka: a Silvester, a ku Tsangano, amene adali atangopuma kumene ntchito ku kampani ina ku Lilongwe. Adalonjeza kubwera ndi akazi awo, Mayi Mervis, Loweruka pa 28 Ogasiti, kutatsala masiku atatu. Akakonda, a Nangozo ndi ana awo adayenera kutuluka mwezi usadathe.

Monga mwa chizolowezi, a Nangozo adatsikira kumsika kukacheza ndi amayi a ku Tsangano ogulitsa kabichi. Adafunsa za a Silvester, za akazi awo, za kubanja kwawo. Zimene adamva adazisunga. Kenaka adatenga ndowa ndi chikolopa.

Lowerukalo pikiapu yoyera idaima pakhomo cha m'ma teni koloko. Adatsika a Kizito, a Silvester ndi akazi awo, komanso a Cyprian, amene adabwera ngati mboni ya boma ngakhale lidali tsiku losagwira ntchito, pakuti Loweruka alawansi imakhala yonona. Mapichesi adali atachita maluwa. Thadzi linkapalasa pabwalo ndi anapiye ake. Pakhonde padali mipando iwiri, ndipo fungo la mtedza lidawalandira asadafike pamasitepe.

A Silvester adali munthu wa thupi. Masitepe atatu okha adawapumitsa wefuwefu, moti adakhala pampando n'kumeza kapiritsi kochokera m'thumba la shati. Atayang'ana mapiri adapuma mozama.

"Apa ndiye pomwera tiyi, amayi a Tracy."

A Kizito adatsinzinira a Cyprian diso.

A Nangozo adagwada n'kupereka moni kwa aliyense payekhapayekha, kenaka adatsogolera Mayi Mervis m'nyumba, ena akutsatira. Pabalaza pansi padali pofiira, ponyezimira, makatani akuuluka pang'ono ndi kamphepo. Koma kuseri kwa chitseko, pa msomali, padali jekete la a Cosmas, lija ankavala pa lole, chigongono chake chili chosokedwa.

"Alamu, jeketelo bwanji?" a Kizito adanong'ona.

"Msomaliwo ndi wa nyumba, alamu. Ndikuonetsa kuti ngolimba."

Pa felemu ya chitseko cha kukhitchini padali timizere ta pensulo, tokwera kuchokera pa bondo mpaka pa phewa la munthu, kalikonse ndi chaka chake. Mayi Mervis adatisisita ndi chala.

"Ana anu?"

"Awiri, atsikana. Bambo awo ankawayeza pa Khirisimasi iliyonse. Musadandaule nazo, mayi, penti mukapaka kawiri zifufutika."

Kukhitchini a Nangozo sadafulumire. Adaonetsa zenera loyang'ana kudimba, shelefu ya simenti imene adaumba okha, pamene dzuwa la m'mawa limafika. Adawasiya Mayi Mervis ayende uku ndi uku mpaka atanena mawu amene woveka nyumba aliyense amadikira.

"Apa pakhala filiji."

"Pakhala bwino kwambiri. Tiyeni tsopano muone chipinda chanu."

Chitseko cha kuchipinda chidali chotseka, chinthu chimene a Nangozo sadachitepo m'nyumba ya wina aliyense. Adachitsekula n'kupatuka.

M'chipindamo mudalibe bedi, mudalibe kabati. Makoma adali oyera mbee, pansi pakuwala ngati galasi. Pakati penipeni padayalidwa mphasa, ndipo pamphasapo zinthu zidaikidwa mwadongosolo ngati m'sitolo: miphika itatu yotsukidwa ndi mchenga mpaka kung'anima, mtondo ndi munsi wake, lichero, ndowa, zitenje zositidwa n'kupindidwa bwino, buku la nyimbo pamwamba. Patsogolo pa zonsezo padali pepala lotsamiritsidwa ku ndowa, chidindo cha boma chikuonekera kuchokera pakhomo.

"Aa, mndandanda wanga uwo!" a Cyprian adatero mokondwa, akusuzumira pa phewa la a Silvester. "Ndidalemba ndine."

Mayi Mervis adawerama n'kuwerenga, maso akuchoka pa pepala kupita pamphasa, kuchoka pamphasa kubwerera pa pepala. Sichidasowe chilichonse, sichidaonjezeke chilichonse.

"Bedi lili kuti?"

"Lili kusitolo yosungira katundu, ndamasula, likudikira eni ake," a Nangozo adayankha. "Lili pa masamba enawo."

"Zonse zili m'dongosolo, mayi," a Cyprian adathandizira. "Katundu wa malemu ndi masamba atatu. Ili ndi la mayi wamasiye."

"Mudakhala nawo zaka zingati bambo a kunyumba kuno?"

"Makumi awiri ndi ziwiri."

"Ndiye ndi zimenezi?"

"Zimakwana mu wilibala imodzi, mayi, ndayesa kale. Boma lidandiganizira. Lidadziwa kuti ku Mlangeni n'kutali."

A Kizito adatsokomola. "Tiyeni tikaone kuseri, kuli thanki ya madzi."

Palibe adasuntha. A Nangozo adakonza chitenje chimodzi chimene chidali chitapendekeka pang'ono, n'kufunsa ngati munthu wongofuna kucheza.

"Kodi amuna anuwa ali ndi abale angati?"

Mayi Mervis adaweramuka. "Amuna asanu. Alongo awiri."

Nambala imeneyi a Nangozo adali ataidziwa kuyambira Lachiwiri.

"Banja lodala limenelo. Wanga adali ndi mmodzi yekha." Adaloza a Kizito ndi dzanja lonse, mwaulemu. "Koma taonani ntchito yake."

M'chipindamo mudangomveka kupuma kwa a Silvester, kumene kudali kusadakhazikike chikwerere masitepe aja. Akazi awo adawayang'ana nthawi yaitali, kuyambira kumaso mpaka pa thumba la mapiritsi.

"Abambo a Tracy, pepala la nyumbayi lilembedwa dzina la ndani?"

"Langa. Nanga la ndani?"

"Fomu ili ndi mzere umodzi, mayi," a Cyprian adafotokoza mokoma mtima.

"Mzere umodzi," Mayi Mervis adabwereza. "Ine miphika ndili nayo isanu ndi iwiri. Ndiye kuti ndidzafuna mawilibala awiri."

"Amayi a Tracy, musatero. Abale anga si otero."

"Awanso sadali otero, bambo," a Nangozo adatero. "Pa ukwati wanga ndiwo adavina kuposa onse."

Mayi Mervis adakoleka chikwama chawo paphewa. "Nyumba ndi yabwino, mayi, sindidaonepo ina yotere. Koma chipinda chimene mnzanga watulutsidwamo ndi mphasa sindingagonemo. Ndizidzangoona miphika iyi pakati apa." Adatembenukira kwa amuna awo. "Mukaigula, mukhalemo ndi abale anu asanuwo. Ayambe kuzolowera."

Adatuluka, thadzi n'kuwapatukira, n'kukakhala m'galimoto. A Silvester adaima kaye, adayang'ana khonde lawo la tiyi, adatapa mtedza m'mbale, n'kutsatira. Pikiapu idatembenuka n'kutsetsereka kupita kumsewu.

Apo a Kizito adaphulika.

"Mwaononga malonda dala! Mfiti ya mkazi! A Cyprian, mwaona nokha, lembani!"

A Cyprian adatulutsa kalata ija n'kuiwerenga mfundo ndi mfundo. Adayendetsa chala pa zenera n'kuchiyang'ana: fumbi padalibe. Adafunsa ngati pali chimene chathyoledwa: padalibe. Zipinda zonse zidaonetsedwa, ngakhale sitolo idali yosakhoma.

"Koma pepala lija!" a Kizito adakuwa. "Adaliika dala kuti aopseze anthu!"

"Pepala lija ndi la boma, bambo," a Cyprian adayankha, mawu atalimba koyamba. "Lili ndi chidindo. Mukufuna ndilembe kuti pepala la boma ndi loopsa?"

Adatulutsa fomu ina, yofotokoza chifukwa chimene malonda alepherera. Padali mtengo, denga lodontha, chiswe, mkangano wa malire. Chala chawo chidatsika mpaka pansi penipeni, pa kabokosi kamene iwo ndi a Nangozo ankadziwana nako kale. Adachonga, n'kudinda kawiri.

"Ndipeza wina lisadafike Lachiwiri," a Kizito adalumbira ali pamasitepe.

"Mubwere naye ndi mkazi wake, alamu. Mtedza ulipo."

Pofika Lamulungu masana nkhani idali itazungulira msika wonse n'kuoloka malire popanda chiphaso. Mayi aliyense wogulitsa tomato ankaidziwa ndi miphika yake yomwe. A Kizito adayesa kufunafuna wogula wosakwatira, koma mabatchala a ndalama zogulira nyumba ya malata sapezeka m'masiku atatu. Pa 31 Ogasiti dzuwa lidalowa kumapiri a ku Mozambiki, a Nangozo atakhala pakhonde ndi Ida ndi Chiso, awiri pamipando, mmodzi pamasitepe. Kuyambira tsiku limenelo nyumba ili m'manja mwa okhalamo kufikira boma litaganizanso. Maboma asintha kangapo, ndipo onse akadaganizabe.

Zimene zidali pa masamba atatu aja a Kizito adabwera kudzatenga ndi lole: sofa, kabati, wailesi, njinga, sikelo, bedi. A Nangozo adawathandiza kupakira, n'kuwakumbutsa za mwendo umodzi wa bedi umene udatsala pang'ono kuiwalika. Jekete adalisiya, chifukwa silidali pa tsamba lililonse. A Nangozo adagona pa mphasa yawo ya pa mndandanda mpaka Khirisimasi, ndipo akuti msana sudawapwetekepo.

M'mwezi wa Okutobala Mayi Mervis adatsika minibasi pa Lizulu ali okha, kudzafunsa ngati a Nangozo akudziwa nyumba ina imene mwini wake akugulitsa ali moyo. Idapezeka, cha ku Mlangeni. Tsiku lolemba mapepala Mayi Mervis adaima pa desiki ya a Cyprian kuyambira m'mawa, kukana mpando, kukana tiyi, mpaka cha m'ma thili koloko pamene zidadziwika kuti mzere umodzi umatha kunyamula maina awiri, bola kulemba ting'onoting'ono. A Cyprian amanena za tsiku limeneli ngati tsiku limene adasintha malamulo a dziko.

A Nangozo akadavekabe nyumba, ngakhale wilibala tsopano ndi yachitatu. Mthenga akafika, funso lawo loyamba limakhala lakuti, "Mwini wake ali moyo?" Akamva kuti adamwalira, amafunsa kuti mkazi wake ali kuti ndipo akuti chiyani. Yankho likakhala lozungulira, amauza mthengayo kuti makatani ali kochapa, ndipo makataniwo sauma. Amene adayesa kukakamira amauzidwa kuti a Nangozo abwera ndithu, koma abwera ndi mphasa. Palibe amene adavomerapo.

Tsamba lachinayi lija adaliika mu felemu yagalasi, ndipo lili pabalaza, moyang'anana ndi msomali wa jekete. A Cyprian, amene adapuma ntchito ndipo amalima kabichi, amapatukira pakhomopo akabwera kumsika. Amaima patsogolo pa felemuyo manja ali kumbuyo, mutu atapendeketsa.

"Zilembo zanga zidali zabwino masiku amenewo."

"Zidali zabwino, bwana," a Nangozo amayankha, akuwapatsira mbale ya mtedza. "Musazigwire. Galasi ndapukuta kumene."